Zipatso zopoperedwa mankhwala ndi zolimidwa mwachilengedwe: zimene kafukufuku wapeza, ndi zimene zimatikhudza kuno ku Harare

M'masitolo akuluakulu a ku Borrowdale ndi ku Avondale mumapezeka zipatso zina zomatidwa kapepala konena kuti zinalimidwa mwachilengedwe, popanda feteleza wa m'fakitale ndi mankhwala opopera, ndipo mtengo wake kawirikawiri umakhala wokwera kuposa wa zinzake zimene zili pambali pomwepo. Ku Mbare Musika, kumene ambiri a ife okhala ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth timagula tokha kapena kudzera mwa amayi ogulitsa m'mphepete mwa msewu, kulibe kapepala kalikonse. Nthochi za ku Honde Valley, malalanje a ku Mazowe, mango a ku Mutoko, maapozi a ku Nyanga ndi mphesa zochokera ku South Africa zimangounjikidwa milumilu, ndipo wogula amasankha ndi maso ndi zala basi. Kusiyana kumeneku kwabala mantha amene amayenda kwambiri pa WhatsApp, akuti wolemera akudya zabwino pamene wosauka akudyetsa ana ake poizoni. Manthawa si owaseka, chifukwa alipo makolo amene amasiyiratu kugulira ana zipatso akamva uthenga wotere, ndipo potero amawamana chakudya chimene madokotala onse amagwirizana kuti chimateteza moyo.

Zimene kafukufuku wapeza mpaka pano n'zakuti chipatso cholimidwa mwachilengedwe chimakhaladi ndi zotsalira za mankhwala zochepa, ndipo pamenepa palibe mtsutso. Koma zakuti munthu wodya zipatso zoterezi amakhala ndi thanzi labwino kuposa mnzake wodya zipatso wamba, umboni wake ndi wofooka ndiponso wotsutsana. Kuwonjezera apo, kuno ku Harare ngozi zazikulu zokhudza zipatso zili pamalo ena amene kapepala kaja sikawatchula n'komwe.

Ulimi wachilengedwe ndi mpambo wa malamulo a kalimidwe, osati chigamulo cha dokotala pa chipatso. Mlimi amene akuutsata sathira feteleza wa m'fakitale, sapopera mankhwala ambiri opangidwa m'fakitale, sabzala mbewu zosinthidwa chibadwa m'labotale, ndipo chonde amachibwezera m'nthaka ndi manyowa, kompositi ndi mbewu za mtundu wa nyemba. Izi sizitanthauza kuti sapopera chilichonse. Malamulo a ulimiwu ku Ulaya ndi ku America amalola mankhwala a kopa ndi salufa polimbana ndi matenda oyamba ndi fangayi, amalola pyrethrum wochokera ku maluwa, mankhwala a nimu, spinosad wochokera ku bakiteriya wa m'nthaka, ndiponso bakiteriya wa Bt amene amapha mbozi. Ambiri mwa amenewa amatha mphamvu msanga akawombedwa ndi dzuwa, ndipo ubwino wake wagona pamenepo, koma kopa satha, amaunjikana m'nthaka chaka ndi chaka.

Kuchokera m'chomera sikuchotsa ululu wa chinthu, ndipo izi makolo athu ankazidziwa kalekale, popeza mthuthu umene alimi ena amaviika masamba ake n'kupopera m'dimba ndi womwewo umene unkaphera nsomba m'maiwe. Ululu wake ndi wa gulu la rotenone, mankhwala amene kwa zaka zambiri ankaloledwa mu ulimi wachilengedwe. Mu 2011 kafukufuku wa pakati pa alimi a ku America anapeza kuti amene ankagwiritsa ntchito rotenone ankadwala matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson mowirikiza pafupifupi kawiri ndi theka poyerekeza ndi anzawo, chimodzimodzi ndi amene ankagwiritsa ntchito paraquat, mankhwala a m'fakitale ophera udzu. Lero rotenone saloledwanso mu ulimi wachilengedwe ku Ulaya kapena ku America.

Kuti mlimi amate kapepala kaja, pamafunika wina wobwera kudzayendera munda wake, kuona mabuku ake ndi kumupatsa satifiketi. Muno m'Zimbabwe bungwe la ZOPPA, la alimi olima mwachilengedwe ndi olimbikitsa ulimiwu, lakhala likutsogolera ntchito yoika muyezo wa ulimiwu ndi chizindikiro chake, ndipo malo ophunzitsira a Fambidzanai, kunja pang'ono kwa Harare, akhala akuphunzitsa alimi njira zimenezi kuyambira mu 1988. Satifiketi yovomerezeka kumaiko akunja imadula, choncho alimi ang'onoang'ono ambiri alibe, ngakhale amene sanaberekepo pampu yopopera chibadwire. Apa pali mfundo imene mauthenga a pa WhatsApp aja saiona, yakuti gawo lalikulu la zipatso zimene timadya m'malokesheni silinapoperedwepo. Mango ndi mapeyala a kuseri kwa nyumba ku Highfield, magwafa a m'mphepete mwa mpanda, mapapaya, mabulosi, masuku, malambe, matowo, ndi masau obwera m'matumba kuchokera ku Muzarabani, zonsezi zimamera zokha kapena zimangothiridwa madzi otsala pakhomo. Zilibe kapepala chifukwa palibe amene analipira woyendera munda.

Pa nkhani ya michere, akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri. Mu 2009 ofufuza a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, atapemphedwa ndi bungwe loona za chakudya ku Britain, anaunika zimene zinalembedwa pa zaka 50 ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni. Mu 2012 gulu la ku yunivesite ya Stanford, lotsogozedwa ndi Crystal Smith-Spangler, linasonkhanitsa malipoti 237 n'kufika pamfundo yomweyo, yakuti mavitamini anali ofanana, ndipo chimene chinkachulukirapo moonekera m'zolimidwa mwachilengedwe anali fosifolasi, mchere umene anthu sausowa kawirikawiri m'thupi. Kenako mu 2014 gulu la ku yunivesite ya Newcastle, lotsogozedwa ndi Carlo Leifert, linaunika malipoti 343 n'kulengeza zosiyana. Linapeza kuti mbewu zolimidwa mwachilengedwe zinali ndi ma polyphenol, zinthu zimene zimathandiza kuteteza maselo a m'thupi, ochulukirapo ndi 18 mpaka 69 pa 100 alionse malinga ndi mtundu wake, ndiponso kuti cadmium, chitsulo chowononga impso, anali wochepa pafupifupi ndi theka, makamaka mu tirigu ndi mbewu zina za ufa.

Zotsatira za ku Newcastle zili ndi chifukwa chomveka. Chomera chikalumidwa ndi tizilombo chimapanga mankhwala akeake odzitetezera, ndipo ambiri mwa ma polyphenol ali m'gulu limeneli. Komanso feteleza wa nayitirojeni akachuluka amakulitsa chipatso msanga n'kuchidzaza madzi, kotero kuti zina zonse za m'katimo zimasukuluka. Komabe kusiyana kobwera ndi mtundu wa mbewu, nthaka, dzuwa, kupsa kwa chipatso pochithyola ndi masiku amene chatha chili m'njira n'kwakukulu kuposa kobwera ndi kalimidwe. Vitamini C akuonetsa zimenezi poyera: magalamu 100 a apozi ali ndi mamiligalamu osakwana 5, a lalanje ali ndi opitirira pang'ono 50, pamene a gwafa ali ndi oposa 200. Ngakhale apozi wolimidwa mwachilengedwe atati awirikize vitamini C wake kawiri, sangayandikire n'komwe gwafa limene mwana wathyola pochokera kusukulu. Munthu amene akufuna michere aganize za mtundu wa chipatso chimene wasankha ndi kuchuluka kwa zimene wadya.

Pa zotsalira za mankhwala zinthu zikuoneka bwino kwambiri. Gulu la ku Stanford lija linapeza zotsalira pa 38 mwa zokolola 100 zilizonse zolimidwa mwa masiku onse, ndipo pa 7 zokha mwa 100 zolimidwa mwachilengedwe. Zochepazo zimabwera ndi mphepo kuchokera kumunda woyandikana, kapena ndi nthaka imene inalandirapo mankhwala kale, kapena posunga katundu pamodzi. Zotsalirazi zimafikanso m'thupi. Mu 2006 ofufuza a ku America analengeza zimene anapeza pa ana 23 a sukulu a dera la Seattle, amene anawapatsa chakudya cholimidwa mwachilengedwe kwa masiku asanu kwinaku akuyeza mkodzo wawo: zizindikiro za mankhwala ophera tizilombo a malathion ndi chlorpyrifos zinatsika msanga mpaka kusaonekanso, ndipo zinabwerera anawo atayambiranso chakudya chawo cha masiku onse. Choncho amene amati kusintha chakudya kumachepetsa mankhwala olowa m'thupi akunena zoona.

Funso lovuta n'lakuti kodi zochepa zimenezo zimavulaza kapena ayi, ndipo kuti tiliyankhe tiyenera kudziwa mmene malire amaikidwira. Mankhwala asanaloledwe amayesedwa pa nyama, kawirikawiri makoswe a m'labotale, kuti papezeke mlingo waukulu umene nyama ingadye tsiku ndi tsiku osaonetsa vuto lililonse. Mlingo umenewo amaugawa ndi 100, ndiko kuti ndi 10 poganizira kuti thupi la munthu lingakhale lofooka kuposa la khoswe, ndi 10 wina poganizira kuti anthu amasiyana, wina khanda, wina nkhalamba, wina wodwala. Chotsalacho ndicho chimatengedwa kukhala mlingo umene munthu angadye tsiku lililonse kwa moyo wake wonse. Palinso malire ena a zotsalira zololedwa pa chipatso chenichenicho, amene bungwe la Codex Alimentarius, lokhazikitsidwa mu 1963 ndi FAO ndi WHO, mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi za umoyo, limaika potengera zimene zimatsala mlimi akapopera motsatira malangizo. Malirewa kawirikawiri amakhala pansi kwambiri pa mlingo wovulaza, kotero kuti chipatso chowadumpha pang'ono chimasonyeza kuti mlimi sanatsatire malangizo, osati kuti wochidya agonekedwa m'chipatala. Ku Ulaya mu 2022 anayeza zakudya zoposa 110,000, ndipo 96 mwa 100 zilizonse zinali m'kati mwa malire, pamene zoposa theka zinalibe chotsalira chilichonse choyezeka.

Sindikufuna kuti wina amve ngati nkhani yathera pamenepa, chifukwa malirewa ali ndi zofooka zake. Amaikidwa pa mankhwala amodziamodzi, pamene chipatso chimodzi chingakhale ndi atatu kapena anayi nthawi imodzi. Ndiponso amasintha sayansi ikaphunzira zatsopano, ndipo kusinthako kumadza patapita zaka anthu akudya. Chlorpyrifos anagwiritsidwa ntchito m'minda ya zipatso kwa zaka makumi angapo asanaletsedwe ku Ulaya mu 2020 chifukwa cha umboni wakuti amasokoneza kukula kwa ubongo wa mwana. Umodzi mwa maumboni olimba a gulu la mankhwalawa unachokera ku chigwa cha Salinas ku California, kumene ofufuza anatsatira amayi oyembekezera a m'mabanja ogwira ntchito m'mafamu, ndipo mu 2011 analengeza kuti ana a amayi amene anali ndi mankhwala ochuluka kwambiri mumkodzo anapeza mapointi 7 ochepa pa mayeso a nzeru atafika zaka 7, poyerekeza ndi ana a amayi amene anali ndi ochepa kwambiri. Dimethoate, amene alimi kuno amamudziwa ndi dzina lakuti Rogor, anachotsedwanso pa mndandanda wa mankhwala ololedwa ku Ulaya mu 2019. N'chifukwa chake mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono ndiwo oyenera kusamaliridwa kwambiri pa nkhaniyi.

Nanga khansa, imene ndiyo anthu amaiopa kwambiri? Kafukufuku awiri akuluakulu anapereka mayankho osiyana. Ku Britain anatsatira amayi oposa 600,000 kwa zaka zoposa 9, ndipo mu 2014 analengeza kuti odya zakudya zolimidwa mwachilengedwe sankadwala khansa mocheperapo kuposa anzawo, kupatula mwina khansa imodzi ya m'mwanabere yotchedwa non-Hodgkin lymphoma. Ku France, kafukufuku wa NutriNet-Santé anatsatira anthu pafupifupi 69,000, ndipo mu 2018 anapeza kuti amene ankadya kwambiri zakudya zoterezi anadwala khansa mocheperapo ndi 25 pa 100 alionse, makamaka lymphoma yomweyo ndi khansa ya m'mawere ya amayi osiya kusamba. Kufanana kwa zotsatira ziwirizi pa lymphoma n'kofunika kukulabadira, popeza khansa imeneyi yakhala ikutchulidwanso pa kafukufuku wa alimi opopera mankhwala. Koma kafukufuku wotsatira anthu motere sangalekanitse bwino chakudya ndi moyo wonse wa wodyayo. Munthu wogula zakudya zodulazi kawirikawiri amakhala wophunzira, wopeza bwino, wosasuta, wochita masewera olimbitsa thupi ndiponso wodya ndiwo zamasamba zambiri, ndipo ngakhale ofufuza amayesetsa kuchotsera zinthu zimenezi powerengera, sizichoka zonse.

Tikaika pambali pa umboni wosatsimikizikawu umboni wa ubwino wodya zipatso, sikelo imapendekera mbali imodzi. WHO imalangiza kuti munthu adye magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba pa tsiku, ndipo inawerengera kuti mu 2017 anthu pafupifupi 3.9 miliyoni anamwalira padziko lonse chifukwa chosadya zokwanira, kudzera m'matenda a mtima, sitiroko ndi khansa zina. Kafukufuku amene anaonetsa ubwino umenewu anachitidwa pa anthu odya zipatso wamba za kumsika, zopoperedwa zomwezo. Kwa ife amene tikuona abale akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga akadali aang'ono, kuchotsa nthochi ndi lalanje m'chikwama cha mwana wa sukulu n'kuikamo bisiketi ndi chakumwa cha shuga chifukwa choopa mankhwala ndi kumuonjezera ngozi, osati kumuteteza.

Zonse zimene tanena za malire zimadalira chinthu chimodzi, chakuti mlimi watsatira zolembedwa pa botolo, ndipo apa ndi pamene nkhani yathu imasiyana ndi ya ku Ulaya. Muno mankhwala a ulimi amayenera kulembetsedwa ku boma pansi pa lamulo la Fertilizers, Farm Feeds and Remedies Act, ndipo alimi amadziwa kachizindikiro ka makona atatu kosonyeza ukali wake, kobiriwira pa ofatsa, kenako kachikasu, kofiira, mpaka kapepo pa oopsa kwambiri. Pa botolo pamalembedwanso mbewu zimene mankhwalawo analoledwa, mlingo wake, ndi masiku oyenera kudikira kuchokera popopera kufika pokolola. Masiku amenewa ndiwo chitetezo chenicheni cha wogula, chifukwa m'nthawi imeneyi dzuwa, mvula ndi chomera chimene zimaphwanya mankhwalawo. Koma amene wayendapo m'maploti ozungulira mzinda amadziwa zimene zimachitika kawirikawiri. Mnyamata amayeza mankhwala ndi chivindikiro cha botolo, amawonjezera china poganiza kuti akatero tizilombo tifa msanga, amavundula ndi kamtengo, ndipo nthawi zina kabotoloko anakagula pamsewu kalibe dzina kapena malangizo. Tsiku lokolola silichokera pa botolo, limachokera pa tsiku limene galimoto ya kumsika ibwere, kapena limene mtengo wakwera ku Mbare.

Zipatso zopita kunja, monga mabuluberi, mapeyala ndi malalanje, zimayezedwa chifukwa wogula wa ku Ulaya amabweza katundu wodumpha malire, ndipo famu yotere imasunga mabuku a tsiku lililonse limene yapopera. Mulu wa kumsika wa kuno palibe amene amauyeza uliwonse paokha. Zotsatira zake n'zakuti lalanje lochokera ku famu yaikulu yopopera motsatira ndondomeko lingakhale ndi zotsalira zochepa kuposa chipatso cha mlimi amene anapopera kamodzi kokha koma dzulo lake n'kuthyola lero. Kukula kwa ngozi ya kugwiritsa ntchito mankhwala molakwika kunaoneka ku California mu July 1985, pamene anthu oposa 1,000 anadwala atadya mavwende olimidwa m'minda imene munali aldicarb, mankhwala amene sanaloledwe pa mavwende. Aldicarb ndiye tameki amene timamudziwa ngati wophera makoswe. Amalowa kudzera m'mizu n'kufalikira m'chipatso chonse, kotero kuti kutsuka kapena kusenda sikumuchotsa, ndipo sayenera kuyandikira dimba lililonse.

Amene amalandira mankhwala ochuluka kuposa wina aliyense si wogula, koma wopopera, ndipo kwa ife mfundoyi ndi ya pakhomo. Ambiri tili kuno chifukwa agogo athu anachoka ku Malawi, ku Mozambique kapena kum'mawa kwa Zambia kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndipo mpaka lero abale athu ambiri ndiwo amabereka pampu m'mafamu ndi m'magadeni a kumayadi. Pampu ikamadontha imanyowetsa malaya kumsana, ndipo khungu limamwa mankhwalawo kwa maola ambiri dzuwa likuswa mtengo. Mankhwala a gulu la chlorpyrifos, dimethoate ndi malathion amatsekereza chinthu china cha m'thupi chimene chimathandiza mitsempha kupuma ikatumiza uthenga, ndipo zizindikiro zake ndi mutu, thukuta losaneneka, malovu ochuluka, kusanza, kutsegula m'mimba, kuona mwachimbuuzi ndi kubanika. Wotere achotsedwe zovala zonyowazo, asambitsidwe ndi sopo, ndipo athamangire naye kuchipatala atatenga botolo la mankhwalawo. Mkaka umene ena amamwetsa suchotsa ululu. Ngozi imatsatira munthuyo kunyumba pamene mayi achapa ovololo yake pamodzi ndi zovala za ana, kapena pamene chigubu chimene munali mankhwala chisanduka chotungira madzi. Ngati pali chifukwa cholimba chothandizira ulimi wachilengedwe, ndi chimenechi: umachotsa mankhwala oopsa kwambiri m'manja mwa wantchito ndi pakhomo pake, ndipo ine ndimaona kuti chifukwa chimenechi n'chokwanira pachokha, ngakhale michere itafanana.

Palinso ngozi ina imene imagwira zipatso za mitundu yonse iwiri mofanana, ndiyo tizilombo toyambitsa matenda. Manyowa osawola bwino amakhala ndi E. coli ndi salmonella, ndipo n'chifukwa chake malamulo a ulimi wachilengedwe ku America amafuna kuti padutse masiku 120 kuchokera pothira manyowa aawisi kufika pokolola ngati chodyedwacho chimakhudza nthaka, monga sitiroberi ndi mavwende, kapena masiku 90 ngati sichikhudza. Mu 2011 ku Germany anthu oposa 50 anamwalira ndi E. coli amene anachokera ku mbewu zophukitsa za pa famu yolima mwachilengedwe, umboni wakuti kapepala sikatchinga majeremusi. Kuno sitifunika kuphunzitsidwa za matenda a m'madzi. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, ndipo mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro. Wogulitsa akamawaza zipatso ndi madzi a m'botolo lobooledwa chivindikiro kuti zioneke zonyezimira, kapena akamadula chivwende ndi chinanazi ndi mpeni umene wautsuka m'ndowa imodzi tsiku lonse, funso lofunika n'lakuti madziwo anatungidwa kuti. Chipatso chodulidwa kale, choyalidwa padzuwa ntchentche zikutera, chingagoneke mwana m'chipatala sabata yomweyo, chikhale chopoperedwa kapena ayi. Zowola nazonso si zofunika kuzichitira chisoni chifukwa cha kutsika mtengo, pakuti apozi wochita chuku amapanga ululu wotchedwa patulin.

Kutsuka kumathandiza pa ngozi zonse ziwiri, malinga ngati madziwo ndi aukhondo, owiritsa kapena othira mankhwala ngati achokera pachitsime chokayikitsa. Chipatso chitsukidwe pa madzi oyenda kapena othiridwa kuchokera m'jagi kwinaku mukuchipukuta ndi zala, osati kungochiviika m'beseni limene mwatsukira zina. Sopo wotsukira mbale sayenera kugwiritsidwa ntchito, chifukwa amatsalira pakhungu la chipatso. Mu 2017 ofufuza a ku yunivesite ya Massachusetts anayesa soda, yemweyu timathira m'therere, pa maapozi opoperedwa thiabendazole ndi phosmet, ndipo anapeza kuti kuviika kwa mphindi 12 mpaka 15 m'madzi a magalamu 10 a soda pa lita, pafupifupi masupuni aang'ono awiri, kunachotsa zimene zinali pamwamba. Gawo lina, makamaka la thiabendazole, linali litalowa kale m'khungu, ndipo limenelo limachoka posenda pokha, ngakhale kuti kusenda apozi kumatayitsanso michere ina ya m'khungumo. Chipatso chosenda chitsukidwenso musanachidule, chifukwa mpeni umatenga za kunja n'kulowetsa m'kati.

Zipatso sizifanana pa kuchuluka kwa zotsalira. Za khungu lopyapyala lodyedwa, monga sitiroberi, mphesa, mapichesi ndi maapozi, ndizo zimapezeka nazo kawirikawiri, pamene mapeyala, chinanazi, mapapaya, mango ndi nthochi zimakhala ndi zochepa m'gawo lodyedwa chifukwa makoko ake timataya. Malalanje ndi mandimu a m'sitolo nthawi zambiri amapakidwa phula losakaniza ndi imazalil kapena thiabendazole atathyoledwa kale kuti asawole m'njira, choncho amene akufuna kupala khungu lake n'kuthira m'keke kapena m'tiyi achite bwino kutenga a pamtengo wa pakhomo. Amene ali ndi ndalama yapadera ndipo akufuna kugula zolimidwa mwachilengedwe, aiike pa gulu loyambalo, makamaka ngati m'nyumba muli mayi woyembekezera kapena mwana amene wangoyamba kudya. Kulipira mowirikiza pa peyala kapena nthochi phindu lake pa thanzi la wodya n'lochepa kwambiri. Amene amagula kwa mlimi mwachindunji angathe kufunsa mwaulemu kuti, "Amayi, kodi munapopera liti komaliza, ndipo munapopera chiyani?" Mlimi wodziwa ntchito yake amayankha mosavuta.

Amene ali ndi mtengo pakhomo ndipo akuvutika ndi mphutsi m'mango ndi m'magwafa asathamangire pampu. Mphutsizo ndi ana a ntchentche ya zipatso, kuphatikizapo mtundu wa Bactrocera dorsalis umene unapezeka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003 n'kufalikira kum'mwera kuno, ndipo zimatuluka m'chipatso chogwa n'kukakulira m'nthaka. Kutola zipatso zogwa tsiku ndi tsiku n'kuzimanga m'thumba lakuda la pulasitiki padzuwa, kapena kuzikwirira m'dzenje lakuya, kumadula mzere umenewu, ndipo misampha ya nyambo yopachika m'mitengo imagwira ntchentche zikuluzikulu popanda kuthira kanthu pa chipatso. Ntchitoyi imayenda bwino oyandikana nyumba akaichitira pamodzi, chifukwa ntchentche ya pamtengo wa mnzanu imaulukira pa wanu. Zipatso za m'nyengo yake ndizonso zotsika mtengo ndipo sizikhalitsa m'njira: masuku ndi mango mvula ikayamba, magwafa kumapeto kwa dzinja, mapeyala, malalanje, manachesi, masau ndi malambe m'miyezi yozizira, mabulosi ndi mapichesi kukayamba kutentha, ndipo nthochi ndi mapapaya zimapezeka pafupifupi chaka chonse.